Tambala Wakuda Atagwa pa Chisankho cha 2025: Mafunso ndi Mayankho pa Tsogolo la MCP

Chithere chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, nkhani ya chipani cha Malawi Congress Party sikuzilala m'maminibasi, m'misika ndi m'magulu a WhatsApp. Ena akuti tambala wapita basi, sadzaliranso. Ena akuti wangobisala mvula. Mafunso ali m'munsimu ndi amene anthu amabwerezabwereza, ndipo ndawayankha potsata zomwe zidachitikira zipani zina zomwe zidatuluka m'boma kuno kwathu. Pomwe ndikunena maganizo anga, ndanena poyera kuti ndi anga. Nkhaniyi ikukhudza ngakhale inu amene simudavalepo nsalu ya MCP, chifukwa boma lopanda olitsutsa amphamvu silichedwa kuiwala amene adaliika pampando.

Kodi MCP idagonja ndi mavoti angati?

Bungwe la MEC lidalengeza pa 24 Sepitembala kuti a Peter Mutharika a DPP apeza mavoti oposa pang'ono 3 miliyoni, omwe ndi 56.8 peresenti, pomwe a Lazarus Chakwera adapeza pafupifupi 1.8 miliyoni, kapena kuti 33 peresenti. Mu Juni 2020 a Chakwera omwewo adapambana ndi mavoti pafupifupi 2.6 miliyoni. Ndiye kuti m'zaka zisanu anthu oposa 800,000 adawafulatira, kupatula achinyamata atsopano amene adavota koyamba. Sikudali kupunthwa chala ayi, kudali kugwa chagada. Ngakhale mumzinda wa Lilongwe ndi ku Nkhotakota, komwe MCP imati n'kumudzi, a Mutharika adakololako mavoti ochuluka.

Chidagwetsa chipanichi n'chiyani kwenikweni?

Mtengo wa chimanga, feteleza, shuga, sopo ndi mafuta. Mukafuna yankho lalifupi ndi limenelo.

Mu 2020 mgwirizano wa Tonse, wa MCP ndi zipani zina, udalonjeza zinthu zomwe aliyense adaziloweza pamtima: ntchito 1 miliyoni, kudya katatu patsiku, thumba la feteleza pa K4,495. Lonjezo lokhala ndi nambala ndi loopsa, chifukwa mlimi wa ku Mponela safunika katswiri wa zachuma kuti amuuze ngati lakwaniritsidwa. Amangoyang'ana lisiti. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mitengo ya zinthu idakhala ikukwera ndi mlingo woposa 20 peresenti pachaka kwa zaka zitatu zotsatizana. Ndalama zakunja zidasowa m'mabanki n'kumapezeka pamsika wamseri pamtengo woposa kawiri. Madalaivala ankagona pamizere ya mafuta, mpaka m'masabata enieni a kampeni.

Kunena chilungamo, boma la a Chakwera lidakumana ndi mikwingwirima yomwe silidaiitane. Lidalowa mkati mwa mliri wa Covid-19. Nkhondo ya ku Ukraine idakweza mtengo wa feteleza ndi mafuta padziko lonse. Kolera ya 2022 ndi 2023 idapha anthu oposa 1,700, namondwe wa Freddy adasakaza chigawo chakummwera mu Malichi 2023, ndipo mu 2024 chilala chidachititsa kuti maboma 23 mwa 28 alengezedwe kuti agwa m'ngozi. Ngongole zambiri lidazipeza. Zonsezi n'zoona, ndipo akuluakulu a MCP sakunama akamazitchula.

Koma namondwe sindiye adatumiza ndalama za feteleza zokwana K750 miliyoni ku kampani ya ku Britain yomwe idapezeka kuti ntchito yake ndi yogulitsa nyama. Namondwe sindiye adamanga mkulu wa bungwe lothana ndi ziphuphu, mayi Martha Chizuma, m'bandakucha mu Disembala 2022. Sindiyenso adaonerera anthu onyamula zikwanje akumenya ochita zionetsero mumzinda wa Lilongwe mu Juni 2025, apolisi ndi asilikali ali pomwepo. Chipani chidakana kuti anyamatawo sadali ake, koma anthu adafunsa funso losavuta: ngati si anu, mukulekeranji kuwagwira, pomwe boma lili m'manja mwanu? Kwa chipani chomwe chidatha zaka zambiri chikudzitsuka ku mbiri ya nthawi ya chipani chimodzi, zithunzi zija zidabwezeretsa mantha akale m'mitima ya anthu.

Pamwamba pa zonsezi padabwera imfa ya a Saulos Chilima, wachiwiri kwa pulezidenti komanso mtsogoleri wa UTM, pa ngozi ya ndege m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 Juni 2024. UTM idatuluka mumgwirizano mwezi wotsatira. Momwe boma lidayendetsera nkhani yosaka ndegeyo ndi kufotokozera mtundu zidasiya chilonda, makamaka mwa achinyamata amene adavotera Tonse chifukwa cha iwowo.

Nanga zomwe ena amanena zoti mavoti adabedwa?

MCP idadandaula ku MEC za zolakwika m'maboma ena, idayesanso kupempha khoti kuti liimitse kulengeza zotsatira, koma khoti lidakana. A Chakwera eni ake adalankhula ku mtundu wa Amalawi maola ochepa zotsatira zisanatuluke, n'kuvomera kuti agonja, atawaimbira kale foni a Mutharika. Adachita bwino, ndipo mbiri idzawakumbukira pa chimenechi monga imakumbukirira Kamuzu Banda povomera kugonja mu 1994.

Kusiyana kwa mavoti oposa 1.2 miliyoni sikungafotokozedwe ndi zolakwika za pamalo angapo owerengera. Chipani chomwe chingadzitonthoze ndi nyimbo ya "adatibera" chidzafika 2030 chisanadziwe chomwe chidalakwika.

Kodi MCP ikhoza kufa ngati momwe zidafookera zipani zina?

Ikhoza kufooka kwambiri, koma kufa n'kovuta. Tiyeni tione anzake.

UDF idalamula kuyambira 1994, ndipo idatuluka m'boma mosagonja pachisankho, pomwe a Bingu wa Mutharika adaisiya mu Febuluwale 2005 n'kuyambitsa DPP. Kuchoka pa aphungu oposa 80 mu 1994, idatsika kufika pa 17 mu 2009, kenaka 14, kenaka 10 mu 2019. People's Party ya mayi Joyce Banda idagonja mu 2014 ili ndi aphungu 26. Mtsogoleri wake adakhala kunja kwa dziko pafupifupi zaka zinayi, mpaka Epulo 2018, ndipo pobwera adapeza khola lili pululu. Mu 2019 chipanicho chidangopeza aphungu 5. Pachisankho cha 2025, mayi Banda ndi a Atupele Muluzi aliyense sadafike pa 2 peresenti.

MCP ndi yosiyana nazo. Idabadwa mu 1959, ndipo ili ndi mizu m'midzi ya ku Kasungu, Dowa, Ntchisi, Mchinji, Dedza ndi Lilongwe yomwe sidalira kuti chipani chili m'boma kapena ayi. Idakhala kotsutsa zaka 26, kuyambira 1994 mpaka 2020, osasweka n'kutheratu. Pali mabanja amene agogo, mayi ndi mdzukulu onse amati "Kwacha!" posafunsa kuti akuimira ndani.

Koma mphamvu yomweyo ndiyo msampha wake. Chipani chomwe chikudziwa kuti sichingafe sichifulumira kudzikonza. Zaka 26 zija sizidali zaka za kulimba mtima kokha ayi. Zambiri mwa izo zidathera m'mikangano ya mipando.

Kodi malamulo akuwalola a Chakwera kudzaimanso mu 2030?

Malamulo a dziko akuwalola. Gawo 83 limaletsa munthu kulamula koposa matemu awiri, ndipo ndi lomwe lidatsekera a Bakili Muluzi pomwe ankafuna kubwerera mu 2009. A Chakwera alamula temu imodzi yokha. Adabadwa mu Epulo 1955, choncho mu 2030 adzakhala ndi zaka 75.

Malamulo a chipani ndi nkhani ina. Adasankhidwa kutsogolera MCP mu Ogasiti 2013, adavomerezedwanso mu 2018, ndiponso mu Ogasiti 2024 popanda wopikisana nawo. Aimira chipani pa zisankho zinayi: 2014, 2019, 2020 ndi 2025. Kuti aimenso kachisanu zidzatengera zomwe malamulo a MCP akunena pa malire a matemu ndi zomwe nthumwi za kumsonkhano waukulu zidzagamule.

A Mutharika adagonja mu 2020 n'kubwerera mu 2025. A Chakwera angalephere bwanji kuchita chimodzimodzi?

Funso ili ndi lomwe lidzasokoneze mitu yambiri mu MCP, choncho tikhalepo pang'ono.

Zoona, a Mutharika adagonja, adakakhala kunyumba kwawo ku Mangochi, anthu n'kumati ndale zawathera. Adakana kutula pansi udindo m'chipani ngakhale ena ankawakakamiza, adavomerezedwa pamsonkhano waukulu mu Ogasiti 2024, ndipo adapambana ali ndi zaka 85. Ku Ghana nako a John Mahama adagonja mu 2016, adalepheranso mu 2020, n'kubwerera mu 2024. Ndiye sitinganene kuti wogonja sabwerera.

Koma taonani chomwe chidawabweza a Mutharika. Sadayende dziko lonse ndi misonkhano yambiri. Chomwe chidawagwirira ntchito ndi chikumbumtima cha anthu pa mitengo. Mayi wogulitsa mandasi ankakumbukira mtengo wa ufa ndi mafuta ophikira mu 2019, n'kuyerekeza ndi wa 2025. M'zaka zambiri za ulamuliro wawo woyamba kwacha idali yokhazikika ndipo kukwera mitengo kudatsika kufika pansi pa 10 peresenti. Anthu adaiwala zina zonse zomwe zidawatulutsa m'misewu mu 2019 chifukwa njala ya lero imapweteka kuposa mkwiyo wa dzana.

Tsono funsani: mu 2030, munthu akadzakumbukira zaka za 2020 mpaka 2025, adzakumbukira chiyani? Misewu yatsopano ya mu Lilongwe ilipo, ndipo ena adzaitchula. Koma ambiri adzakumbukira mizere ya mafuta ndi thumba la feteleza lodutsa K100,000. Kuti a Chakwera abwerere mwa njira ya a Mutharika, pafunika kuti boma la DPP lilephere koposa pamenepo. Chipani chomwe chiyembekezo chake chonse chagona pa kuvutika kwa Amalawi sichikukonzekera kulamula, chikungodikira maliro.

Maganizo anga ndi akuti a Chakwera adachita mbali yawo yaikulu. Adatenga chipani chomwe ambiri ankachiona ngati cha nkhalamba za chigawo chimodzi, adachitsegula, adachibwezera m'boma. Mphatso yotsiriza yomwe angachipatse ndi kunena msanga ndi momveka kuti sadzaimanso, kutchula nthawi ya msonkhano waukulu, ndi kuyang'anira mpikisano wachilungamo popanda kudzoza munthu wawo. Kukhala chete pa funsoli n'koopsa kuposa yankho lililonse, chifukwa m'chete momwemo ndi momwe magulu amamerera.

Bwanji osangowachotsa lero lomwe?

Chifukwa kuchotsa mtsogoleri mwachipolowe kumabala makhoti, ndipo makhoti amadya zaka. Mpando ukasiyidwa mwadzidzidzi popanda ndondomeko, amene ali ndi ndalama zambiri ndi amene amaulanda. Chofunika si liwiro, koma tsiku lodziwika ndi malamulo omveka kwa onse ofuna kupikisana.

Kodi MCP idakumanapo ndi mkangano wa utsogoleri ngati umenewu?

Idakumana nawo, ndipo udaitayitsa boma lomwe lidali m'manja.

Kamuzu atagonja mu 1994 n'kupuma, chipani chidatsala ndi akuluakulu awiri, a Gwanda Chakuamba a ku Nsanje ndi a John Tembo a ku Dedza. A Chakuamba adaimira chipani mu 1999 mogwirizana ndi AFORD ya a Chakufwa Chihana, ndipo adapeza pafupifupi 45 peresenti. Adatsala pang'ono. M'malo momanga pamenepo, zaka zotsatira zidathera m'kukokana: misonkhano iwiri, makomiti awiri, milandu kukhoti, aphungu ogawanika. Atambala awiri salira m'khola limodzi. A Tembo atatenga chipani mu 2003, a Chakuamba adatuluka n'kuyambitsa Republican Party.

Zotsatira za 2004 zikufunika kuti membala aliyense wa MCP azidziwe. A Bingu wa Mutharika adapambana ndi pafupifupi 36 peresenti yokha. A Tembo ndi a Chakuamba aliyense adapeza kopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo anayi a mavoti. Mukaphatikiza awiriwo, adaposa theka. Anthu ofuna kusintha adalipo okwanira, koma atsogoleri awo adalephera kukhala pamphasa imodzi. Mu 2009 a Tembo adaimanso, a Bingu adapeza 66 peresenti, ndipo aphungu a MCP adatsika kufika pansi pa 30.

Chipani chidayamba kupuma bwino mu 2013, pomwe nthumwi zidasankha munthu wochokera kunja kwa ndale, m'busa amene ankatsogolera mpingo wa Assemblies of God. Phunziro lake ndi lowawa kwa akuluakulu a lero: MCP idadzuka itasiya kusinthanitsa nkhope zomwe zija.

Amasankha mtsogoleri wa chipani ndani?

Nthumwi za kumsonkhano waukulu, womwe ambiri amangoti konvenshoni. Zimachokera m'makomiti a m'zigawo, m'maboma ndi m'madera a aphungu, kuphatikizapo amayi ndi achinyamata a chipani. Msonkhanowu umayenera kuchitika pakatha zaka zisanu. Womaliza udachitikira ku BICC ku Lilongwe mu Ogasiti 2024, pomwe mayi Catherine Gotani Hara adasankhidwa kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri ndipo a Richard Chimwendo Banda adakhala mlembi wamkulu. Potsata kawerengedwe kameneka wotsatira ungagwe mu 2029, chaka chimodzi chisankho chisanachitike.

Kudikira mpaka 2029 ndikuona kuti n'kuchedwa. Mtsogoleri watsopano amafunika nthawi yoti adziwike ku Chitipa ndi ku Nsanje, yoti apepese amene adawagonjetsa, yoti apeze abwenzi m'zipani zina. A Chakwera adasankhidwa patatsala miyezi isanu ndi inayi kuti chisankho cha 2014 chichitike, ndipo adathera pa nambala yachiwiri ndi 27.8 peresenti.

Vuto lina ndi ndalama. Nthumwi zikakhala zochepa, n'zosavuta kuzigula, ndipo nkhani za maenvelopu pamsonkhano wa 2024 zidadzaza manyuzipepala. Wopambana mwa njira imeneyi amakhala amene ali ndi thumba lalikulu, osati amene anthu kumudzi angamuvotere. Matenda omwewa adaonekera pa zisankho zachipulula za 2025, pomwe madandaulo oti akuluakulu akuika anthu awo adamveka m'madera ambiri. Ngakhale a Vitumbiko Mumba, amene adadzayenda ndi a Chakwera ngati wachiwiri wawo, adakokana ndi chipani chawo chomwe mpaka kukhoti pa zachipulula za ku Mzimba. Ambiri okhumudwa adaima paokha, ndipo Nyumba ya Malamulo ya mipando 229 idadzaza ndi aphungu oima paokha.

Mtsogoleri wa chipani ndi mtsogoleri wa otsutsa boma m'Nyumba ya Malamulo, si munthu mmodzi?

Nthawi zina amakhala mmodzi, monga zidalili ndi a Chakwera kuyambira 2014, pomwe adali phungu wa Lilongwe North West. Koma mtsogoleri wa otsutsa ayenera kukhala phungu, ndipo pulezidenti wopuma sakhala m'Nyumbamo. Apa ndi pomwe pamabadwa mitu iwiri.

DPP idalawa zimenezi. Mu 2020 a Mutharika adafuna a Francis Kasaila paudindowu, koma aphungu adasankha a Kondwani Nankhumwa. Chipani chidayesa kuwachotsa a Nankhumwa pamodzi ndi mlembi wamkulu, mayi Grezelder Jeffrey, iwo n'kukatenga chiletso kukhoti. Nkhondoyi idatenga zaka zoposa zitatu, mpaka Janyuwale 2024 pomwe adachotsedwadi. Nthawi yonseyo kwacha ikugwa, anthu akuvutika, chipani chachikulu chotsutsa chidatanganidwa ndi kulimbirana mpando wa kutsogolo m'Nyumba ya Malamulo. A Nankhumwa adayambitsa chipani chawo cha PDP, ndipo mu 2025 sadafike ngakhale pa 1 peresenti.

Nkhaniyi ili ndi chenjezo kumbali zonse ziwiri. Wotuluka m'chipani chachikulu mokwiya kawirikawiri amathera kuchipululu. Koma chipani chomwe chimakankhira aphungu ake mtsogoleri amene sakumufuna chimadzigulira milandu. Njira yabwino ndi yoti aphungu a MCP azisankha okha mwachinsinsi, ndipo wosankhidwayo adziwe kuti udindowo si chikalata cholowera upulezidenti wa chipani.

Kodi aphungu a MCP sathawira ku boma?

Ena adzathawa, kapena adzangoyamba "kugwira ntchito ndi boma la lero", monga amanenera. Tidaziona mu 2005 pomwe aphungu adakhamukira ku DPP, mu 2012 pomwe a Bingu atamwalira anthu adasintha nsalu usiku umodzi kupita ku PP, ndiponso chitatha chisankho cha 2020, pomwe MCP yomweyi ndiyo inkalandira alendo ndi nthungululu.

Gawo 65 la malamulo a dziko limati phungu wosankhidwa pa chipani china akalowa china ataye mpando. Mu 2007 khoti lalikulu la apilo lidatsimikiza kuti sipikala ali ndi mphamvu imeneyi, ndipo mkangano wake udachedwetsa ndondomeko ya zachuma kwa miyezi. Komabe ziletso za kukhoti zidamanga manja a sipikala, ndipo aphungu othawawo adamaliza temu yawo. Choncho MCP isadalire gawo 65. Chomwe chimasunga phungu kotsutsa ndi chikhulupiriro choti chipani chake chili ndi mawa, ndiponso kuti pa zachipulula zikubwerazo sadzaberedwa.

Kunena zoona, kuchoka kwa ena ndi mpumulo. Amene adabwera mu 2020 chifukwa cha fungo la mphika adzapitanso komwe mphika wasamukira.

Chipani chikatuluka m'boma, ndalama chimazitenga kuti?

Gawo 40 la malamulo a dziko limati chipani chomwe chapeza koposa gawo limodzi mwa magawo khumi a mavoti chizilandira thandizo la boma kudzera ku Nyumba ya Malamulo. MCP ili m'gulu limeneli, koma ndalamazo sizikwanira kuyendetsa chipani m'maboma 28. Amalonda amene ankapereka mowolowa manja amazimiririka, chifukwa ambiri ankagula makontirakiti, osati mfundo.

Lamulo la zipani la 2018 limafuna kuti zipani ziziulula amene azipatsa ndalama zambiri, ndipo limaletsa kugawa ndalama kwa ovota. Zipani zonse zakhala zikulizemba. MCP ili ndi mwayi woyamba kulitsata tsopano, pomwe ilibe chambiri chobisa, ndi kubwerera ku zopereka za mamembala. Makadi okakamiza a nthawi ya Kamuzu, omwe munthu ankafunsidwa polowa mumsika kapena pokwera basi, adasiya mbiri yoipa. Koma chopereka chaufulu, chochepa, cholembedwa bwino, chotumizidwa pafoni, chimapatsa membala wamba mphamvu yofunsa kuti ndalama zapita kuti. Chipani chodyetsedwa ndi anthu asanu chimakhala cha anthu asanuwo.

Kodi chigawo chapakati pachokha sichingabwezere MCP m'boma?

Sichingathe. Chigamulo cha khoti cha pa 3 Febuluwale 2020, chomwe MCP yomweyi idachimenyera nkhondo pamodzi ndi UTM, chidakhazikitsa kuti wopambana apeze mavoti oposa theka. Masiku opambana ndi 36 peresenti adatha.

Onani manambala a MCP ikaima yokha: 33 peresenti mu 1994, pafupifupi 28 mu 2014, 35 mu 2019, 33 mu 2025. Nthawi ziwiri zomwe idadumpha mpanda umenewu, mu 1999 ndi mu 2020, idali pamgwirizano ndi ena. A Sidik Mia atalowa chipani mu 2017 adatsegula khomo la ku Chikwawa ndi Nsanje, ndipo atamwalira ndi Covid-19 mu Janyuwale 2021 palibe adalowa m'malo mwawo mokwanira. Mu 2025 kumpoto, komwe kudavotera Tonse mwaunyinji, kudatembenukira kwa a Mutharika, amene adagwirizana ndi AFORD ya a Enock Chihana.

Apa pali ngongole yomwe MCP iyenera kubweza. Mgwirizano wa Tonse udali wa zipani zisanu ndi zinayi, koma anzawo ambiri adatuluka akudandaula kuti atafika m'boma adaikidwa pakhonde. Dandaulo loti maudindo ankapita kwa anthu a dera limodzi lidamveka kuyambira nduna zoyamba za mu Julayi 2020. Aliyense amene MCP idzamupemphe mgwirizano mu 2030 adzakumbukira zimenezi, ndipo adzafuna pangano lolembedwa ndi loonekera kwa anthu onse, osati la m'chipinda ngati lija la a Chakwera ndi a Chilima lomwe mpaka lero anthu amakanganirana kuti lidati chiyani.

Kwa anansi athu ku Zambia zidayenda bwanji?

Kumeneko chipani chikatuluka m'boma sichidabwererepo. UNIP idagonja mu 1991. A Kenneth Kaunda adapuma, kenaka adabwerera kudzatenganso chipani, adatsekeredwa ndi lamulo mu 1996, UNIP idanyanyala chisankho, ndipo sidadzukenso. MMD idagonja mu 2011 n'kugawika pakati pa a Nevers Mumba ndi magulu ena. PF idagonja mu 2021. A Edgar Lungu adati apuma, mpando udakhala wopanda mwini weniweni kwa zaka ziwiri, mu Okutobala 2023 a Miles Sampa adachititsa msonkhano wawo n'kudzitcha mtsogoleri, a Lungu adabwerera m'ndale, ndipo nkhani yonse idathera m'makhoti. A Lungu adamwalira mu Juni 2025 chipani chikadali chogawanika.

M'nkhani zitatu zonsezi muli chinthu chimodzi: mtsogoleri wakale sadachoke kwenikweni, sadakhalenso kwenikweni.

Ndiye MCP ikufunika mtsogoleri wotani?

Sinditchula dzina, chifukwa kuyamba ndi dzina ndiko kulakwitsa komwe ndikudandaula. Koma pali mafunso omwe nthumwi iliyonse ingafunse. Kodi munthuyu angaime pamsika wa Limbe kapena wa Mzuzu anthu n'kumumvetsera? Kodi dzina lake lili m'nkhani za katangale za zaka zisanu zapitazi? Angathe kunena pagulu kuti apa tidalakwitsa, osawonjezera "koma"? Amamvetsa chifukwa chomwe dziko limasowera ndalama zakunja, ndipo ali ndi chonena choposa kulonjeza feteleza wotsika mtengo? Amalawi oposa theka sadakwanitse zaka 20. Kwa iwo nyimbo za Kamuzu ndi ngodya zinayi za umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo ndi nkhani za m'buku la sukulu. Akufuna kumva za ntchito.

Pa ngodya zinayizo, ya kumvera ndiyo idapweteka chipani m'boma. Anthu ozungulira mtsogoleri ankamuuza zomwe ankafuna kumva, misonkhano inkadzaza ndi anthu obwera pamalole, ndipo amene ankachenjeza ankatchedwa adani. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma anansi otere adasowa malo.

Ine ndine membala wamba kumudzi. Ndingachitepo chiyani?

Zambiri kuposa momwe mukuganizira, chifukwa nthumwi zimachokera kwa inu. Pitani kumisonkhano ya nthambi ndi ya dera ngakhale kulibe nsalu kapena ndalama ya sopo. Funsani wapampando wanu kuti makomiti adzasankhidwa liti, ndipo kaundula wa mamembala akusunga ndani, poti mayina ongotulukira usiku wa zachipulula ndiwo amabera anthu. Pemphani kuti akuluakulu abwere kudzamva chifukwa chomwe anansi anu sadavotere tambala, ndipo pamsonkhanowo alankhule ndi anthu, akuluakuluwo akhale pansi alembe. Lipoti la zomwe apezazo liwerengedwe m'maboma onse, lisatsekeredwe mu kabati kulikulu ku Lilongwe.

Ngati dera lanu lili ndi phungu kapena khansala wa MCP, muuzeni kuti ntchito yake tsopano ndi kufunsa boma za mtengo wa chimanga ku ADMARC, za mankhwala kuchipatala, za makuponi a feteleza ndi za ndalama za chitukuko cha m'dera, ndipo azibwera kudzakuuzani zomwe wayankhidwa. Nthumwi ya kwanu ikamanyamuka kupita ku konvenshoni, ikhale itamva kwa inu dzina lomwe mukufuna, ndipo ikabwerako mudzaifunse kuti idavotera ndani.